Makina oona za m'kati mwa katundu: kodi mafunde a terahertz angathandize pati m'dziko la Zambia?

LUSAKA – Msewu wa Great East umene upita pa Northmead ndi ku Chelstone ndiwo umabweretsa mu mzinda katundu wotsika pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda. M'galimoto zimenezi mumakhala makatoni, masaka ndi maenvulopu a amalonda amene amaitanitsa zinthu ku China, Dubai ndi South Africa. Ofisala wa kasitomu sangamasule mtolo uliwonse, cifukwa akatero malonda angaime. Komanso akapanda kuyang'ana, mankhwala osokoneza ubongo, mfuti ndi katundu wozemba msonkho zingadutse. Apa m'pamene pagona nkhani ya makina oona za m'kati popanda kutsegula, ndipo dzina limene likumveka kwambiri m'maiko olemera ndi la terahertz.

Terahertz ndi mtundu wa mafunde a m'banja limodzi ndi mafunde a wailesi ndi kuwala kwa dzuwa. Mafundewa ali pakati pa a microwave ndi a infrared, ndipo terahertz imodzi itanthauza kugwedezeka ka 1,000,000,000,000 pa sekondi imodzi. Amapyola pepala, katoni, nsalu, pulasitiki ndi matabwa ouma, koma akagunda citsulo amabwerera, ndipo madzi amawameza. Makina amayeza mafunde amene apyola kapena kubwerera, n'kujambula cithunzi ca zimene zili m'kati.

Cithunzi coyamba ca mtundu umenewu cinaonetsedwa mu 1995 ndi akatswiri awiri a ku Bell Laboratories ku America, a Hu ndi a Nuss. Mu 2003, gulu la a Kodo Kawase ku bungwe la RIKEN ku Japan linasonyeza kuti mafundewa angazindikire mankhwala osokoneza ubongo obisidwa mu envulopu yomata, n'kuwasiyanitsa ndi aspirin. Izi zitheka cifukwa mankhwala osiyana amameza mafundewa mosiyana, monga momwe zidindo za zala za anthu zimasiyanira. Pambuyo pa ngozi ya combo ca Columbia m'caka comweco, bungwe la NASA linayamba kugwiritsa nchito mafunde omwewa pofufuza ming'alu yobisika m'zophimba za thanki ya mafuta a combo.

Ubwino wina ndi wakuti mafunde a terahertz alibe mphamvu yoononga maselo a m'thupi monga ali nayo X-ray. M'dziko lino makina a X-ray amayang'aniridwa ndi bungwe la Radiation Protection Authority motsatira lamulo la mu 2005, cifukwa ogwira nchito pafupi nawo afunika citetezo.

Koma pali malire amene aliyense wogula makinawa ayenera kuwadziwa. Kontena imene imanyamulidwa pa thiraki kudutsa pa Chirundu, Nakonde, Kazungula kapena Mwami ndi bokosi la citsulo. Kwa makina a terahertz, khoma la kontena lili ngati kalirole: amaona kunja kokha. N'cifukwa cake bungwe lotolera misonkho la Zambia Revenue Authority limadalira masikana akuluakulu a X-ray pa malire otanganidwa monga a Chirundu, amene mu Disembala 2009 anakhala malire oyamba mu Africa pomwe maiko awiri amayendera katundu pa malo amodzi. Ngakhale mtolo waung'ono, ukakulungidwa m'pepala la aluminiyamu kapena ukakhala wonyowa monga nsomba zaziwisi, mafunde a terahertz salowamo.

Motero malo oyenera makinawa ndi kumene kumadutsa katundu wopepuka ndi wouma: ku positi, kumakampani otumiza mitolo, ndi m'cipinda ca katundu pa bwalo la ndeke. Kumeneko X-ray imaonetsa bwino citsulo ndi zinthu zolimba, koma ufa woyalidwa mopyapyala pakati pa mapepala umaoneka mwacimbuuzi, ndipo terahertz ingathandize kuuzindikira. Makina awiriwa ndi othandizana, ndipo wina sangalowe m'malo mwa mnzake.

Milandu iwiri ikuluikulu yokhudza dziko lino iphunzitsa cinthu cina cimene ogulitsa makina sakonda kuchula. Mu Juni 2002, akuluakulu a ku Singapore anagwira kontena imene inali ndi minyanga ya njovu yolemera matani 6.5, kuphatikizapo minyanga yathunthu 532. Kontenayo inanyamuka ku Lilongwe, n'kudzera pa doko la Durban. Pambuyo pake, kafukufuku wa DNA wotsogoleredwa ndi a Samuel Wasser a pa University of Washington anasonyeza kuti njovuzo zinaphedwa makamaka m'dera la Zambia. Katunduyo anadutsa malire angapo osagwidwa, ndipo cimene cinamugwiritsa ndi uthenga umene ofufuza a kuno ku Africa anatumiza ku Singapore.

Mlandu waciwiri ndi wa mu Ogasiti 2023, pomwe bungwe la Drug Enforcement Commission linagwira ndeke yocokera ku Cairo pa bwalo la Kenneth Kaunda. Mkulu wa bungwelo pa nthawiyo, a Nason Banda, analengeza kuti munapezeka ndalama pafupifupi madola 5.7 miliyoni a ku America, mfuti zazing'ono 5, zipolopolo 126, ndi zidutswa 602 zoganiziridwa kuti ndi golide, zolemera makilogalamu 127.2. Apanso bungwelo linacitapo kanthu litatsinidwa khutu. Ndipo zidutswazo zitapimidwa, nduna ya za migodi a Paul Kabuswe anafotokoza kuti munali mkuwa, zinki, nikelo ndi tini. Makina a terahertz sakanatha kunena zimenezi, popeza kwa iwo golide ndi mkuwa zonse zimabweza mafunde. Panafunika akatswiri opima miyala.

Pa milandu yonse iwiri, nchito yaikulu inagwiridwa ndi anthu: wopereka uthenga, wofufuza, ndi katswiri wopima. Makina amangotulutsa cithunzi. Pafunika ofisala wophunzitsidwa kuciwerenga, ndiponso wokhulupirika kuti acitepo kanthu. Sikana yamakono yoikidwa m'manja mwa munthu wolandira ziphuphu siisiyana ndi citseko colimba cimene kiyi wake ali ndi mbala.

Palinso funso la ndalama ndi magetsi. Cilala ca mu 2024 cinatsitsa madzi a m'damu la Kariba mpaka madera ambiri a Lusaka anakhala maola oculuka pa tsiku opanda magetsi. Makina osakhwima ngati awa amafuna magetsi osadukiza, zipangizo zosinthira, ndi amisiri owakonza. Sikana ikafa n'kudikira katswiri wocokera kunja, mizere ya katundu imatalika, mtengo wa kucedwako umagwera wamalonda wa ku Kamwala ndi wogula wa ku Kabwata, ndipo ozembetsa amadziwa msanga kuti diso latsinzina.

Conco ngati boma lingaganize zogula makina a terahertz, mafunso oyenera kufunsidwa ku Nyumba ya Malamulo ndi oonekeratu. Kodi makinawo adzaikidwa pati, ndipo adzayang'ana katundu wa mtundu wanji? Ndani adzaphunzitsidwa kuwagwiritsa nchito ndi kuwakonza? Nanga zithunzi zidzasungidwa motani kuti wina wapadera athe kubwereramo n'kuona ngati ofisala analola dala katundu kudutsa? Pa makontena a citsulo, ndalama zingapindule kwambiri zitapita ku kusamalira masikana a X-ray amene alipo kale ndi kulimbitsa ofufuza. Pa maenvulopu ndi makatoni amene amalowa mu Lusaka tsiku ndi tsiku, terahertz ili ndi malo ake, malinga iyesedwe kaye pa malo amodzi boma lisanataye ndalama zambiri za okhoma msonkho.