Viza Yaulere ndi Gombe la Nkhotakota

Pa 7 Febuluwale 2024, Boma la Malawi lidalamula kuti nzika za maiko 79 zizilowa m'dziko muno popanda kugula viza, chilolezo chija mlendo amalipira kuti adutse pachipata. Lamuloli adalisaina ndi a Ken Zikhale Ng'oma, amene pa nthawiyo adali Nduna yoona za chitetezo cha m'dziko, ndipo pa mndandanda wa maikowo padali China, United States, Britain, Germany, France ndi Australia. Cholinga chake chidali kuchulukitsa alendo odzaona dziko, kuti pamodzi ndi iwo mulowe ndalama zakunja zimene zidali kusowa kwambiri, makamaka Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma zisanathe zaka ziwiri, mu Novembala 2025, Nduna ya Zachuma ya boma latsopano, a Joseph Mwanamvekha, idauza Nyumba ya Malamulo kuti mwayi umenewu uchotsedwa, ndi kuti malipiro a viza aziyendera kubwezerana: dziko limene lilipiritsa Amalawi, nzika zake nazonso zizilipira.

Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zomveka. Ofuna malipiro akuti thumba la Boma ndi lobooka, ndiponso nkosayenera kuti Mmalawi azitaya ndalama zambiri ndi kudikira masabata popempha viza ya ku Ulaya pamene Mzungu angolowa kuno ngati kumunda kwa amalume ake. Ofuna chipata chaulere akuti mlendo amene wakhululukidwa ndalama zochepa pabwalo la ndege amasiya zochuluka m'nyumba zogona alendo, m'misika ndi m'manja mwa oyendetsa galimoto. Nkhani yotere imapsa m'maofesi a ku Lilongwe, koma malo oyenera kuiyesa ndi boma longa Nkhotakota, kumene kuli zimene alendowo amadzera, ndiponso kumene achinyamata otsiriza sukulu akudikira ntchito.

Choyamba ndi kukula kwa ndalamayo. Mu Okutobala 2015, viza yolowera kamodzi idaikidwa pa madola 75 a ku America, ndipo pambuyo pake idatsitsidwa kufika pa madola 50. Banja la anthu anayi lidali kulipira madola 200 lisanamwe ndi madzi omwe. Kwa munthu wochokera ku Beijing kapena ku Shanghai, imeneyi ndi ndalama yochepa poiyerekeza ndi mtengo wa tikiti, pakuti palibe ndege yochokera ku China yodzatera mwachindunji pabwalo la Kamuzu. Mlendo amayenera kusintha ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Chimene viza imaononga kwenikweni ndi mtima wa munthu amene akusankha pakati pa maiko oyandikana. Dziko la Zambia lidachotsa malipiro a viza kwa nzika za China, Britain, United States ndi maiko ena ambiri mu 2022. Mlendo amene watsiriza kuona nyama ku South Luangwa amaima pa Chipata nadzifunsa ngati kuli koyenera kuoloka malire pa Mchinji kuti akaone nyanja. Pa mphambano yotere, mafomu ndi madola 50 akhoza kumubweza.

Nchifukwa ninji maso ali pa China? Mu 2019, matenda a Covid-19 asanatseke malire, anthu a ku China adayenda maulendo pafupifupi 155 miliyoni opita kunja kwa dziko lao, naononga madola pafupifupi 255 biliyoni, kuposa anthu a dziko lina lililonse. Ubale wa Malawi ndi China udayamba mu Disembala 2007, ndipo zipatso zake zimaoneka pa Nyumba ya Malamulo ndi Bwalo la Masewero la Bingu ku Lilongwe, pa msewu wa Karonga mpaka Chitipa ndi pa yunivesite ya MUST ku Thyolo. Komabe Matchaina amene Amalawi adawazolowera ndi omanga misewu ndi eni masitolo. Odzapuma ndi kudzaona dziko ndi mtundu wina wa alendo, ndipo iwowa sakokedwa ndi ubale wa maboma. Amapita kumene adamva mbiri yake, kumene afikako mosavutika, ndi kumene abwerako ndi zithunzi zokaonetsa anzao.

Za zithunzi, Nkhotakota siiperewera. Nkhalango yake yosungirako nyama, ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800, ndi imodzi mwa zakale ndi zazikulu m'dziko muno. Kale mudali njovu zoposa 1,500, koma opha nyama mozemba adazitha mpaka zidatsala zosakwana 100. Mu 2015 bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa nkhalangoyi mogwirizana ndi Boma, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwira kumeneko pa malole kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, pamodzi ndi nyama zina zoposa 1,000 monga njati, mbidzi, ngoma ndi nswala. Mtsinje wa Bua, umene nsomba ya mpasa imakwera pokaswa, umadutsa m'nkhalango yomweyo, ndipo phiri la Chipata limaonekera patali. Kummwera kwa tauni kuli nyanja yaing'ono ya Chia, yodzala ndi mbalame. Pafupi ndi tauni pali akasupe a madzi otentha a Mawira. Ndipo mchenga wa m'gombe ndi woti munthu ayende tsiku lonse osautha.

Palinso mbiri imene maboma ambiri alibe. M'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika pa doko limeneli, ndipo kwa zaka pafupifupi 50 zombo za matanga zidali kuolotsa akapolo ndi minyanga kunka kutsidya kwa nyanja pa ulendo wa ku Kilwa. David Livingstone adafikako m'zaka za m'ma 1860, ndipo mkuyu umene amati adakambirana ndi Jumbe patsinde pake umadziwika ndi dzina lake. Harry Johnston adapangana ndi Jumbe mu 1889. Mishoni ya Anglican idatsegulidwa mu 1894. Ndipo Bishopu Chauncy Maples, amene adamira panyanja mu 1895, adaikidwa m'tchalitchi cha All Saints. Asilamu ndi Akhristu akhala moyandikana pamenepo kwa zaka zoposa 100. Imeneyi ndi nkhani yoti mlendo alipire kuti aimve, ngati alipo woti aifotokoze bwino.

Tsono chimene chimatchinga alendo nchiyani? Kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Salima ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 200, koma kwa zaka zambiri msewu wa M5 udali wokumbika, wodyeka m'mbali ndi wa milatho yopapatiza. Kumapeto kwa Febuluwale 2024, mwezi womwewo umene viza idakhululukidwa, madzi osefukira adasowetsa pokhala anthu zikwizikwi ku Dwangwa nadula msewuwo. Chipata cha dziko chidali chotsegula pamene njira ya kugombe idali yotseka. Kuonjezera apo, mu 2024 ndi 2025 mafuta a galimoto adasowa kawirikawiri. Motero munthu woona sanganene kuti viza yaulere idayesedwa mokwanira nilephera. Makampani okonza maulendo amagulitsa malo miyezi yambiri nthawi isanafike, ndipo mbiri ya dziko imamera pang'onopang'ono ngati mtengo wa mbawa. Kudzala lero ndi kuzula mawa kuti uone mizu sikulima.

Ngakhale msewu utasalala, funso lalikulu litsalabe: ndalama ya mlendo itera m'thumba la yani? Mlendo akabwera pa basi ya kampani ya kunja, nagona m'hotela ya mwini wa kunja, nadya zakudya zoitanitsa ku Johannesburg, mudzi wa m'gombe umangoona fumbi. Akale adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Choncho chimene angasiye achisiye m'masiku owerengeka amene ali pakhomo. Nkhotakota imalima mpunga, imagwira chambo, kampango ndi usipa, imaumba mbale ndi miphika, imaluka mphasa. Zonsezi zikhoza kufika pa tebulo ndi m'chikwama cha mlendo pokhapokha alimi ndi asodzi atagwirizana m'magulu okhoza kupereka katundu waukhondo pa tsiku limene alonjeza.

Apa mpamene aphunzitsi ndi achinyamata otsiriza sukulu ali ndi gawo lao. Mnyamata kapena mtsikana wa satifiketi ya MSCE amene adziwa maina a mbalame za pa Chia, zaka za Ajumbe ndi mayendedwe a njovu ali ndi chuma chimene hotela ingagule. Maphunziro a ntchito zosamalira alendo amapezeka ku Malawi Institute of Tourism ndi ku yunivesite ya Mzuzu, ndipo Chitchaina chimaphunzitsidwa ku Confucius Institute ya University of Malawi. Ofuna alendo a ku China adziwenso kalendala yao. Tchuthi chachikulu cha chaka chatsopano chimagwa mu Januwale kapena Febuluwale, pamene kuno kuli mvula ndi matope, koma china cha sabata yathunthu chimayamba pa 1 Okutobala, nthawi ya chilimwe imene udzu wauma ndipo nyama zimasonkhana kumadzi. Mphunzitsi wa mbiri amene sadatengerepo ophunzira ake kukaona mkuyu wa Livingstone kapena manda a Maples akuwamana chiyambi cha ntchito imene ili pakhomo pao.

Walira mvula walira matope. Mu 2022 dziko lidachita manyazi pomva kuti nzika ina ya ku China idali kujambula ana a ku Njewa ku Lilongwe akunena mau odzinyoza, nkumagulitsa makanemawo. Khoti lidaipeza yolakwa mu 2023. Makhoti a kuno adamanganso alendo ochita malonda a nyanga za chipembere ndi minyanga ya njovu, ndipo malonda a minyanga ya njovu dziko la China lenilenilo lidawaletsa kwao kumapeto kwa 2017. Zolakwa za anthu ochepa siziyenera kudetsa mtundu wonse, koma ziphunzitsa chinthu chimodzi: malipiro a viza sasefa anthu oipa, pakuti wa zolinga zoipa amalipira madola 50 mokondwa. Chimene chimateteza ana, njovu ndi madoko a asodzi kuti asagulitsidwe mwachinyengo ndi maso a makolo ndi mafumu, apolisi osalandira ziphuphu ndi makhoti osachedwa.

Kotero Boma lichite zinthu ziwiri. Liulutse poyera chiwerengero cha alendo amene adalowa mu 2024 ndi 2025, maiko ao ndi masiku amene adakhala, kuti anthu aone okha ngati zimene zidatayika pachipata zidabwerera kudzera m'mahotela ndi m'misika. Kenaka lisiyanitse mlendo wodzapuma masiku ochepa ndi wodzagwira ntchito kapena wodzachita malonda, kuti woyambayo njira yake ikhale yopepuka ndi yosasinthasintha boma likasintha. Kubwezerana kumakoma pakamwa, koma maiko olemerawo sasowa tulo chifukwa Amalawi sakupita kwao, pamene Malawi amasowa mankhwala ndi mafuta ndalama zakunja zikachepa. Ndipo a ku Nkhotakota asadikire kuti mtsutso wa ku Lilongwe uthe. Khonsolo iike zikwangwani pa malo a mbiri ndi kusamala ukhondo wa m'gombe, sukulu ziphunzitse ana za kwao, ndipo achinyamata ayambe kukonzekera lero, kuti mlendo akafika, wolipira kapena waulere, apeze womulandira.