Msewu umene moto suwoloka

Kuyambira mwezi wa Ogasiti kufikira kugwa kwa mvula yoyamba, munthu wa ku Angónia kapena ku Tsangano akatuluka panja usiku amaona mapiri atazunguliridwa ndi mzere wofiira. Umenewo ndi moto wa tchire. Kukacha, phulusa la udzu limagwera m'mitsuko ndi pa ufa woyanika pamphasa, ndipo anthu amangoti ndi mmene chilimwe chimakhalira. Koma kutsidya kwa malire, kufupi ndi tauni ya Dedza, kuli nkhalango ya boma la Malawi yotchedwa Chongoni, ndipo m'kati mwake muli misewu ina imene ntchito yake yaikulu ndi kuimitsa moto umenewu. Amene wayenda mu umodzi mwa misewuyi amabwerako ali ndi mawu okauza mfumu ya kwawo.

Ku Dedza si kwachilendo. Anthu a m'mbali mwa malire amadutsa pa Calómue kupita kumsika, kuchipatala ndi kukaona abale. Chongoni ili kumpoto chakumadzulo kwa tauniyo, komwe kulinso sukulu ya boma yophunzitsa za nkhalango ndi nyama zakutchire. Mlendo amayamba wadzionetsa kwa alonda a nkhalango ndi kunena chimene wadzera, pakuti m'nkhalango ya boma salowamo ngati m'munda wa amalume. Akaloledwa, ulendo wake ndi wa ola limodzi kapena awiri, ndipo safuna kanthu koposa nsapato, ndodo ndi botolo la madzi. Machesi ndi fodya amazisiya m'thumba mpaka atatuluka.

Msewu wotchinga moto, umene pa Chipwitikizi amati quebra-fogo, ndi mzere wautali wolambulidwa ndi makasu ndi zikwakwa mpaka dothi kuonekera. Udzu, masamba ouma ndi tinthambi amazikokera kutali. Akale adati moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo nzeru yonse ya msewuwu yagona pa mwambi umenewu: moto ukafika pamene palibe choti udye, umazima wokha. Msewu womwewo umathandizanso ozimitsa moto kufika msanga ndi nthambi zaziwisi zopunthira. Koma suli ngati mlatho umene amamanga kamodzi n'kuiwala. Mvula ikagwa udzu umameranso, choncho chaka ndi chaka uyenera kulambulidwa udzuwo usanaume. Woyenda angathe kudziwa yekha pamene khasu lidadutsa chaka chimenecho ndi pamene lidachedwa.

Mbali ina ya Chongoni ndi ya mitengo yobzala ya paini. Pansi pake pamakhala mthunzi ndi bata, popanda udzu wambiri, koma masamba ake onga singano amaunjikana ngati matiresi, ndipo akauma amayaka ngati athiridwa parafini. Mtengo wa paini ukapsa uli waung'ono ndiye kuti wapita, suphukiranso pa chitsa. Ndi chifukwa chake a zankhalango amagawa mitengoyi m'zigawozigawo ndi misewu yotereyi, kuti moto ukalowa m'chigawo chimodzi usamalize zonse.

Chakumtunda, kumene miyala yayamba kuchuluka, kuli mitengo yachilengedwe imene mwana aliyense wa kumudzi amaidziwa, monga tsamba, mombo ndi msuku. Apa ndi pamene woyenda ayenera kuchepetsa liwiro ndi kuyang'ana uku ndi uku. Pamene moto wa mu Okutobala udafika n'kulekezera pamsewu, mbali ziwirizi sizifanana. Ku lupsa mitengo ikuluikulu imakhala chilili ngakhale makungwa ake ada, koma timitengo tofika m'chiuno timakhala titauma, ndipo dothi limakhala pamtetete, kungodikira mvula yoyamba kuti ilikokolole. Kumene moto sudafike, masamba owola amaphimba nthaka, pansi pamakhala chinyontho, ndipo mphukira zimakula. Nkhalango imene timitengo take timapsa chaka ndi chaka imaoneka ngati ili bwino, koma mitengo yakale ikadzagwa kapena kudulidwa sipadzakhala yolowa m'malo.

Zambiri zimene amayi amatola m'tchire zimadalira mbali yosapsayo. Bowa wa manyame ndi ndelema amamera mogwirizana ndi mizu ya mitengo yachilengedweyi, motero mitengo ikatha bowa naye amatha. Masuku amakhwima chakumapeto kwa chaka, ndipo moto wa mu Okutobala umawapeza adakali mumtengo. Njuchi zimathawa utsi n'kusiya ming'oma. Ngakhale akasupe a m'munsi mwa phiri amayembekeza madzi amene amalowa pansi pang'onopang'ono pamene pali masamba, pomwe pa dothi lopanda kanthu madzi amangothamanga n'kukumba zigwembe.

Pachitunda woyenda amaphunzira chinthu china. Moto umathamanga pokwera kuposa potsika, chifukwa lawi limayamba laumitsa ndi kutenthetsa udzu wa kumtunda kwake lisanaufike. Mphepo nayo imanyamula mbaliwali n'kukazigwetsa patsogolo. Motero msewu wa pamalo otsetsereka kapena wodutsa m'tsekera wamtali uyenera kukhala wotakata kuposa wa pachidikha. Kanjira ka mbuzi sikangaimitse moto wa masana a chilimwe. Ndipo munthu amene moto wamupeza paphiri asathawire kumtunda, koma cham'mbali, pa thanthwe kapena pamene papsa kale.

M'mapiri a Chongoni muli matanthwe ndi mapanga, ndipo m'mapangamo muli zojambula za makolo. Zofiira zidajambulidwa ndi Akafula, anthu osaka nyama amene adakhala m'derali kalekale. Zoyera ndi za Achewa, zina za chinamwali, zina za gule wamkulu. M'dera lonseli muli malo 127 a zojambulazi, monga Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidaika Chongoni pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Moto ndi mdani wa zimenezinso. Utsi umadetsa mwala, ndipo kutentha kumachititsa kuti khungu la mwalawo lisendeke pamodzi ndi chojambula. Mlendo amaona ndi maso okha, osagwira, osalembapo dzina lake.

Munthu akaima pamwamba pa thanthwe n'kuyang'ana chakumadzulo ndi kumwera, maso amafika ku Moçambique, ndipo malire saoneka. Akuluakulu ambiri a ku Angónia adakhala m'midzi ya Dedza ndi Ntcheu pa nthawi ya nkhondo, pamene anthu opitirira miliyoni imodzi adathawira ku Malawi. Onsewo ankafuna nkhuni ndi mitengo yomangira, ndipo mapiri ambiri adayera. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu adabwerera kwawo n'kuyambanso kugwetsa mitengo kuti atsegule minda ndi kumanga nyumba. Mitengo yotsala m'midzi ya mbali zonse ziwiri ndi yochepa, ndipo moto woyatsidwa mbali imodzi sufunsa chiphaso powoloka.

Oyatsa moto amadziwika. Ndi anyamata osaka mbewa, mlimi wotentha mapesi pososa, wofula njuchi amene wataya muuni wake, woweta ng'ombe wofuna msipu, ndi wosuta amene waponya kachidutswa ka ndudu m'mbali mwa njira. Palibe mwa iwo amene amafuna kutentha nkhokwe ya mnzake, koma moto ukakula susankha. Chaka chimene tsekera wapsa asanamwetedwe, amayi amasiye ndi nkhalamba amagona m'nyumba zodontha chifukwa udzu wofolera wakwera mtengo. Ku Moçambique lamulo la nkhalango la 1999 lidalemba poyera kuti kutentha nkhalango mwadala ndi mlandu wa ndende, ndipo mpaka lero wochita zimenezi angathe kumangidwa. Ku Malawi lamulo la 1997 limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango za boma. Koma moto ukabuka paphiri, lamulo silibwera ndi nthambi kudzauzima.

Midzi ya Achewa ndi Angoni siifunika kuphunzitsidwa zambiri pa nkhaniyi, pakuti manda ambiri adakali ndi mitengo yakale pamene ponse pozungulira pali minda yokhayokha. Mitengoyo idatsala chifukwa mudzi wonse udagwirizana kuti m'menemo nkhwangwa ndi moto sizilowa mwachisawawa, ndipo mfumu ikaitana, anthu amabwera ndi makasu kudzalambula. Chimene chimachitika kumanda chingathe kuchitikanso kuphiri, ku kasupe, kumalo omweta udzu ndi kuzungulira nkhokwe.

Nthawi yake ndi Meyi ndi Juni, pamene anthu akumaliza kukolola ndipo udzu udakali ndi chinyontho. Mzere ulambulidwe mpaka dothi, ndipo kupingasa kwake kupose kawiri kutalika kwa udzu wa m'mbali mwake. Ngati mudzi wasankha kutentha m'mphepete mwa mzerewo kuti ukule, utenthe madzulo mphepo italeka, anthu ali ambiri ndi nthambi zaziwisi m'manja, ndipo midzi yoyandikana, ya ku Moçambique ndi ya ku Malawi yomwe, itauzidwa. Moto wa nyengo imeneyo ndi wofooka, umangonyambita udzu n'kusiya timitengo. Osaka mbewa apatsidwe malo ndi masiku awo, pakuti kuwaletsa kotheratu n'kungowatumiza kukayatsa mobisa. Mfumu imene ili ndi njinga ndi tsiku limodzi lopuma ingachite bwino kupita ku Chongoni ndi anyamata ake awiri kapena atatu, akaone okha kutakata kwa msewuwo ndi kusiyana kwa mbali zake ziwiri, kenaka abwerere kukaitanitsa makasu udzu usanaume.