Njala iyi ili ndi eni ake: pempho kwa Amalawi anzathu



Mwamva zomwe zikuchitika ku Machinga. Anthu akuphika chitedze. Chitedze chomwe chija, chimene mwana akachikhudza kuthengo amabwerera kunyumba akulira ndi kudzikanda thupi lonse, lero chalowa m'malo mwa nsima. Mayi amachitereka m'mamawa, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, mpaka dzuwa kupendeka, poopa kuti poizoni wake angamuphere ana. Ku Nsanje amayi akulowa m'madambo a Shire kukazula nyika, m'madzi momwe muli ng'ona. Ife monga gulu la nzika zokhudzidwa talephera kugwira mtima, n'chifukwa chake tikulemba.

Palibe amene akufunika kukumbutsidwa momwe tafikira pano. Namondwe wa Ana mu 2022 adaononga damu la Kapichira, dziko n'kukhala mumdima miyezi yambirimbiri. Mu Malichi 2023 kudabwera Freddy, napolo n'kutsika phiri la Soche kukwirira anthu ku Chilobwe, ndipo ku Phalombe, Mulanje ndi Chiradzulu minda idatsala miyala yokhayokha. Omwalira ndi osowa adapitirira 1,000. Misozi isanaume, ng'amba ya El Niño idawotcha chimanga chili m'chiuno, ndipo mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Anthu 5.7 miliyoni ndiwo adawerengedwa kuti sadzakwanitsa kudzidyetsa kufikira zokolola zina.

Koma chomwe chatipweteka kwambiri si mitambo ayi. Ndi mawu omwe tikumamva kwa anzathu tikayamba nkhaniyi, akuti za kusintha kwa nyengo ndi za anthu a mataye odya maalawansi m'mahotela, munthu wanjala akufuna chimanga osati misonkhano. Mkwiyowo tikuumvetsa. Koma tikukupemphani mumve bwino, chifukwa maganizo amenewa ndi omwe akutisiya manja lende pamene ena akugawana tsogolo lathu.

Freddy ataphwasula, kafukufuku wa boma ndi mabungwe adapeza kuti pakufunika madola pafupifupi 680 miliyoni kuti Malawi abwerere mwakale. Kumapeto kwa chaka chomwecho, pa msonkhano wa COP28 ku Dubai, maiko adatsegula thumba lolipirira maiko osauka pa zowonongeka ndi nyengo. Malonjezo onse omwe adaponyedwamo adali madola pafupifupi 700 miliyoni. Onani bwino: ndalama yolonjezedwa kwa maiko onse osauka pa dziko lapansi ikungofanana ndi bala la namondwe mmodzi m'dziko limodzi laling'ono, lathu lino. Ndiye wina anene kuti nkhaniyi siyikhudza mphika wake?

Ku Baku, pa COP29 mu Novembala 2024, maiko osauka ankafuna madola 1.3 thililiyoni pachaka. Olemera adavomera 300 biliyoni, kuti ifike pamenepo pofika 2035. Gulu la maiko osaukitsitsa, lomwe wapampando wake panthawiyo adali Mmalawi mnzathu, bambo Evans Njewa, lidafika potuluka m'chipinda cha zokambirana posonyeza kukwiya. Ndi angati kwathu kuno omwe adamva? Ndi mlaliki uti adazitchula pagome, ndi phungu uti adaimirira nazo m'Nyumba ya Malamulo? Munthu wathu amamenya nkhondo kutali, kumudzi kuli zii. Ndipo si koyamba kutinyenga. Mu 2009 ku Copenhagen adalonjeza madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020. Ndalamayo idakwana mochedwa, mu 2022, ndipo gawo lalikulu lidabwera ngati ngongole. Munthu wakuotchera nyumba, kenako akukukongoza udzu wofolera, ndi chiwongoladzanja pamwamba. Mu Januwale 2025 America idalengezanso kuti ikutuluka m'pangano la ku Paris. Mukamati izi ndi za m'mahotela, amene akusangalala ndi omwe ali nafe ngongole, komanso aliyense wa konkuno amene sakufuna kufunsidwa komwe kwapita kangachepe komwe kafika.

Ena akuti tadzipha tokha ndi makala. Zoona, mapiri tawameta, ndipo phiri lopanda mitengo siligwira madzi. Tidzale mitengo ndi kuisamala, osati kungoijambulitsa tsiku lodzala. Koma Freddy sadabadwire ku Soche. Adayambira kufupi ndi Australia, n'kuwoloka nyanja yonse ya Indian Ocean, kumenya Madagascar, kumenya Mozambique kawiri, n'kukhala masiku 36, zomwe namondwe wina aliyense wodziwika sadachitepo. Nyanja zikutentha chifukwa cha utsi wa malasha ndi mafuta wa mafakitale a maiko olemera. Afrika yense sathira ngakhale magawo 4 pa 100 a utsi umenewu. Mnyamata wokankha matumba a makala panjinga usiku wonse ali ndi mlandu wake, koma musamusenzetse wa dziko lonse lapansi.

Tsono tisabisale kumbuyo kwa azungu. Manyazi ena ndi athu. Chimanga chathandizo chikafika m'mudzi, bwanji mayina oyamba pakaundula amakhala a abale a olemba, gogo wolera ana amasiye n'kubwerera ndi thumba lopanda kanthu? Bwanji matumba olembedwa kuti osagulitsa akumapezeka pamsika? Inu amene mumaba chakudya cha anjala, Lamulungu kapena Lachisanu n'kukakhala kutsogolo m'nyumba yopemphereramo, dziwani kuti mudzi ukukuonani. Inunso mavenda amene mumayenda ndi sikelo zobera nthawi yokolola, kugula chimanga pamtengo wozizira, n'kudzachigulitsa kwa mlimi yemweyo mu Febuluwale pa chigoba chophwanyidwa m'mbali, phindu lotere lili ndi magazi.

Ndipo monga dziko takakamira njira imodzi. Chaka ndi chaka ndalama zochuluka za ulimi zikuthera pa feteleza wotsika mtengo, wodalira mvula yomwe yasiya kusunga nthawi. Nkhondo itabuka ku Ukraine mu 2022 mtengo wa feteleza udakwera, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 udakweranso. Feteleza wothira m'munda wouma ndi ndalama yotayika. Pamene tikulira chonchi, nyanja ya Malawi ili pompo, Shire akuyenda usana ndi usiku. Mapira, mchewere, chinangwa ndi mbatata zomwe zinkapulumutsa makolo athu tidaziyesa chakudya cha osauka, mpaka munthu akadya mbatata n'kukhuta amati wagona ndi njala.

Chomwe tikupempha n'chochepa. Chimanga cha chaka chino musachigulitse chili m'munda, ndipo mukakolola yambani mwadzaza nkhokwe musanamvere wa sikelo. Amene ali ndi dimba, mvula ikangotha alowemo. Mayina a olandira thandizo, la chimanga, la Mtukula Pakhomo kapena la Mbwezera Chilengedwe, aziwerengedwa poyera pabwalo la mfumu, mudzi wonse ukumva, ndipo mukaona zachinyengo kaneneni, ngakhale wochitayo ndi mlamu wanu.

 Nthawi ya chisankho, ofuna ukhansala, uphungu ndi upulezidenti amabwera ndi nsalu, zipewa ndi timatumba ta ufa. Asanakwere galimoto afunseni kuti ndalama za nyengo zomwe dziko lalandira ndi zingati ndipo zagwira ntchito yanji m'dera lanu, kuti ulimi wamthirira ufika liti, komanso kuti ku msonkhano wotsatira wa COP akatumiza ndani ndi mawu otani. Akayamba kuzungulira, bwerezani funso.

Mafumu athu, itanitsani misonkhano sabata ino. Abusa ndi mashehe, werengani pempholi pamaso pa anthu anu. Ndipo inu amene muli ndi ufa wotsala m'nyumba, musadikire boma kapena mzungu: pitani lero mukaone khomo loyandikana nalo ngati pafuka utsi.

Ndife anzanu,
gulu la nzika zokhudzidwa