Khomo la msika wa kunja: phunziro locokera ku Makeni

Kum'mwera cakumadzulo kwa mzinda wa Lusaka, munthu akapatuka pa mseu wa ku Kafue, amafika ku Makeni, dera la mapulazi ang'onoang'ono kumene kumacokera ndiwo zamasamba, nkhuku ndi mazira odyedwa mumzinda. Zimene zinaonekera alimi a kumeneku zaka zoposa makumi awiri zapitazo ziyenera kumvedwa ndi mlimi aliyense wa ku Katete, Petauke, Chadiza kapena Lundazi, pakuti zionetsa m'mene mfundo zomangidwa kutsidya kwa nyanja zimafikira pa nkhokwe ya munthu wa kumudzi.

Ca m'ma 2000, kampani ya Agriflora, imene inali kutumiza maluwa ndi ndiwo ku Ulaya pa ndeke, inapangana ndi alimi ang'onoang'ono ozungulira Lusaka kupyolera m'makoparetivi ao, kuphatikizapo la ku Makeni. Alimi anali kulima cimanga canthete, cothyoledwa cisanacite maso, ndipo kampani inali kucitenga, kucisankha, kucisunga m'zipinda zozizira ndi kucitumiza ku masitolo akuluakulu a ku Britain. M'caka ca 2001 bungwe la European Union linacotsa msonkho pa pafupifupi katundu yense wocokera ku maiko osauka kwambiri, ndipo Zambia inali m'gululo. Khomo linaoneka ngati latseguka.

Koma kuseri kwa khomolo kunali lina. Eni masitolo a ku Ulaya anali atayamba kale, m'caka ca 1997, kukonza malamulo ao a kalimidwe ochedwa EurepGAP, amene kuyambira 2007 achedwa GlobalGAP. Malamulowa afuna kuti mlimi alembe m'buku mankhwala onse opopera ndi tsiku lake, akhale ndi nyumba ya mankhwala yokhoma, zovala zodzitetezera, cimbudzi ndi posamba m'manja pafupi ndi munda, ndiponso kuti woyendera afike caka ndi caka, nalipidwa. Colinga cake ndi cabwino, ndico kuteteza wakudya ndi wanchito. Bvuto ndi lakuti pulazi lalikulu limagawira ndalama zimenezi pa matani ambiri, pamene mwini maekala awiri amazisenza pa makilo owerengeka.

M'caka ca 2004 Agriflora inagwa. Cimanga cija ciribe nchito pa mtondo, ndipo ogula ake pa msika wa Soweto ndi ocepa. Makoparetivi ena anagwirizana nafuna kampani ina yotumiza katundu, koma alimi amene anakhoza kukwaniritsa malamulo aja anali owerengeka. Kumapeto kwa 2005 kwacha inakwera mphamvu, kotero kuti ndalama za kunja zinasanduka makwacha ocepa. Ambiri anabwerera ku matimati, repu ndi kabici.

Mlimi wa thonje m'Cigawo ca Kum'mawa asayese kuti nkhaniyi ndi ya anthu a ku Lusaka okha, pakuti naye mbeu yake imatuluka m'dziko kupyolera m'manja mwa kampani. Boma litagulitsa Lintco kwa Lonrho ndi Clark Cotton m'caka ca 1994, makampani ndiwo anayamba kupereka mbeu ndi mankhwala pa nkhongole, nagula thonje pa mtengo wotsata msika wa dziko lonse. Pa msikawo boma la Amereka lakhala likupatsa alimi ake a thonje ndalama zacithandizo, zimene zimawalola kulima lambiri ngakhale mtengo utsike. Dziko la Brazil linadandaula ku bungwe la malonda la WTO m'caka ca 2002, nilipambana mlandu mu 2005. Maiko a Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali analira cimodzimodzi pa msonkhano wa ku Cancun mu 2003. Mlandu wa Brazil unatha mu 2014 pamene Amereka inalipira madola 300 miliyoni, koma ndalamazo zinapita ku Brazil. Mlimi wa ku Katete sanalandireko ngakhale ngwee imodzi.

Mtengo ukagwa kunja, mkangano umabuka kuno kwathu pa sikelo. M'caka ca 2011 thonje linagulidwa pa K3,200 pa kilo m'ndalama zakale. M'caka cotsatira makampani anachula K1,600. Alimi anati aberedwa. Makampani anati msika wa kunja ndiwo watsika. Pa nyengo zotere alimi ena amagulitsa thonje kwa wogula wodutsa kuti azembe nkhongole, ndipo kampani imabwezera mwa kucepetsa nkhongole za caka camawa. Wovutika potsiriza ndi banja limene lasowa mbeu, mankhwala ndi ndalama za sukulu.

Boma liri ndi mbali yake: kulankhulira alimi pa misonkhano ya maiko, kukonza miseu, ndi kuona kuti mapangano a pakati pa alimi ndi makampani asungidwa ndi onse awiri. Koma mbali ya mlimi ndi yaikulunso. Asanatenge mbeu ya kampani afunse m'mene mtengo udzapezedwera, amene adzasankha magiredi, ndi kumene zokanidwa zidzapita, ndipo zonsezi zilembedwe. Koparetivi ikhale ndi mabuku oona ndi thumba lake la ndalama, kuti nyumba ya mankhwala ndi malipiro a woyendera zisenzedwe ndi ambiri, ndiponso ifune ogula oposa mmodzi. Munda wa cakudya usacepetsedwe cifukwa ca mbeu ya malonda.

Akuluakulu anati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Msika wa kunja uli ndi ndalama, ndipo dziko liufuna. Koma alimi a ku Makeni anaona kuti njira yopita kumeneko inali imodzi yokha, ndipo itatsekeka, cimene cinawatsalira ndi dimba, citsime ndi msika wa kwao.