Khanda Lisanafike: Kukonza Malo Ake ndi Ndalama Zochepa

M'masitolo akuluakulu a ku Johannesburg, Lusaka, Harare ndi Lilongwe muli mbali yapadera ya katundu wa makanda. Kumeneko kuli timabedi topakidwa penti wowala, makatani a maluwamaluwa, mapilo ofewa ngati thonje ndiponso zidole zodzaza kabedi konse. Zithunzi za zipinda zotere zafalanso pa Facebook. Mayi woyembekezera amene akuchita lendi chipinda chimodzi ku Ndirande, ku Chawama kapena ku Mbare akaziona, amatha kudzimva ngati walakwira mwana wake asanabadwe n'komwe. Mabanja ena amafika potenga katapila kuti agule zimenezi, koma matenda akayamba usiku amapezeka kuti alibe ngakhale ndalama yolipirira galimoto yopita kuchipatala.

Komatu zimene khanda limafuna pa malo ake n'zowerengeka: pogona posalala ndi polimba pafupi ndi mayi ake, neti yoteteza ku udzudzu, mpweya wabwino, ndi kufunda koyenera. Palibe n'chimodzi chomwe mwa zimenezi chimene chimalira chipinda chapadera. Bungwe la madokotala a ana ku America, la American Academy of Pediatrics, linabwereza mu 2022 malangizo ake akuti khanda lizigona m'chipinda chimodzi ndi makolo ake, koma pa malo akeake, kwa miyezi 6 yoyambirira kapena kuposerapo. Choncho banja la chipinda chimodzi silinatsalire. Ngakhale makolo akale, pa mwambo wa chikuta, ankasunga mayi ndi khanda lake pamodzi m'nyumba mpaka mchombo utagwa. Ntchito imene ilipo ndi yosankha ngodya imodzi ya chipindacho n'kuikonza bwino: ngodya yosadontha, yotalikirana ndi pophikira, ndiponso yoti mayi angathe kufikira mwana ndi dzanja ali pogona pake.

Pogona

Khanda liyenera kugonekedwa chagada nthawi zonse, usiku ndi masana omwe, osati chafufumimba kapena chammbali. Dziko la Britain linayamba kulalikira uthenga umenewu mu 1991, ndipo la America mu 1994. M'zaka zotsatira, imfa zadzidzidzi za makanda ali m'tulo zinatsika ndi theka kapena kuposerapo m'mayiko awiriwa. Kugoneka mwana chagada sikulira ngakhale tambala imodzi.

Pogonapo pasakhale pilo, zidole kapena bulangete lochindikala lopindapinda. Khanda silitha kudzutsa mutu wake likakwiririka, ndipo chinthu chofewa chikatseka mphuno ndi pakamwa limatha kubanika popanda kulira. Apa m'pamene pali chikomekome cha mkuyu: zimene zimakongoletsa kabedi ka m'sitolo n'zomwezo zimene ziyenera kuchotsedwa mwana asanagonekedwepo.

Banja limene lingakwanitse kabedi lingachite bwino kukambirana ndi kalipentala wa m'dera lomwelo, amene mtengo wake kawirikawiri umakhala wotsika kusiyana ndi wa m'sitolo. Kalipentalayo auzidwe kuti mpata wa pakati pa timitengo ta m'mbali usapitirire masentimita 6, kuopa kuti thupi la mwana lingadutse mutu n'kutsakamira. Matiresi akhale olimba ndiponso okwana bwino, moti pakati pa matiresi ndi thabwa pasalowe zala zoposa ziwiri. Wogula kabedi kogwiritsidwapo kale ntchito ayang'ane misomali yotuluka ndi matabwa ogwedera, ndipo apewe timabedi timene mbali yake imodzi imatsitsidwa ndi kukwezedwa. Dziko la America linaletsa kugulitsa timabedi totere mu 2011 ana ena atafa chifukwa chopanikizika, koma takale tidakapezekabe pa misika ya katundu wakunja.

Kabedi kakasowa, njira zina zilipo. Ku Finland boma linayamba mu 1938 kupatsa amayi osauka katoni yodzaza zovala za khanda, ndipo mu 1949 linayamba kupatsa amayi onse. Pansi pa katoniyo pamakhala kamatiresi, moti katoni yomweyo imasanduka pogona poyamba pa mwana. Dziko la Scotland linatengera njirayi mu 2017. Ku New Zealand, anthu a mtundu wa Māori anayamba m'zaka za m'ma 2000 kuluka timadengu togonekamo makanda totchedwa wahakura. M'chigawo chino cha Africa, kumene oluka mlaza, bango ndi nsungwi ali ponseponse, dengu lalitali la pansi posalala ndi m'mbali molimba lingathandize pa miyezi yoyambirira, bola likhale loyera, lopanda zobaya, loikidwa pansi pouma osati pampando, ndipo lisiyidwe mwana akayamba kudzigudubuza.

N'zoona kuti amayi ambiri amagona pamodzi ndi makanda awo pofuna kuyamwitsa mosavuta. Pamene zili choncho, mwana agone chagada, kutali ndi mapilo ndi zofunda za akuluakulu, ndipo ana ena asagone moyandikana naye. Ngozi imakula kwambiri ngati wina mwa makolo wamwa mowa, amasuta fodya kapena wamwa mankhwala ogonetsa, ngatinso mwanayo anabadwa masiku asanakwane. Kugona ndi khanda pa sofa n'koopsa kuposa zonse.

Neti

Ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique ndi m'madera otentha a ku Zimbabwe, chinthu chofunika kwambiri pa ngodya ya khanda ndi neti yonyikidwa m'mankhwala. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti mwa anthu anayi alionse amene amafa ndi malungo mu Africa, pafupifupi atatu amakhala ana osakwana zaka 5. Katemera wa malungo, amene anayamba kuperekedwa ku Malawi, Ghana ndi Kenya mu 2019, mwana amayamba kumulandira akakwanitsa miyezi 5 kapena 6. Isanafike nthawi imeneyo, chitetezo chake chachikulu ndi neti.

M'mayiko ambiri a m'chigawo chino maneti amaperekedwa kwaulere kusikelo ya amayi oyembekezera. Neti yatsopano iyanikidwe pamthunzi tsiku lathunthu isanagwiritsidwe ntchito. Poimangirira, ikhale yokungika ndi yopiniridwa pansi pa matiresi kapena mphasa, kuti udzudzu usalowe komanso kuti isalendewere pankhope pa mwana. Ikabooka isokedwe tsiku lomwelo. Neti imene yapita kudimba kukatchinga mbewu kapena kunyanja kukagwira usipa yasiya mwana pa mbalambanda.

Mpweya ndi moto

M'miyezi ya June ndi July, kuzizira kwa ku Dedza, ku Johannesburg kapena ku Maseru kumachititsa mabanja kulowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka zitseko ndi mawindo. Makala oyaka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo khanda ndilo limayamba kugonja. Mbaula isagone m'chipinda. Utsi wa nkhuni, wa koloboyi ndi wa fodya nawonso umafooketsa mapapo a mwana ndi kutsegulira njira chibayo, matenda amene amapha ana aang'ono ambiri m'chigawo chino. Kuphikira panja kapena m'khitchini yapadera, ndi kutsegula windo masana, n'kothandiza kuposa katani ya mtengo wapatali.

Mayi amadzuka kangapo usiku kuti ayamwitse ndi kusintha thewera, choncho kuwala kumafunika. Kandulo pafupi ndi neti ndi ngozi yoonekeratu. Kanyali ka sola kapena tochi ya mabatire ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene banja liyenera kutayirapo ndalama mosanyinyirika.

Kufunda

Khanda limazizidwa msanga, komanso silifunika kulikwirira ndi mabulangete ambiri. Zovala zopepuka zosanjikiza ndi chitenje choyera chofika pachifuwa, chopiniridwa m'mbali, n'zokwanira masiku ambiri. Mayi akagwira pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi la mwana n'kupeza thukuta, ndiye kuti zofunda zachuluka. Zovala za pa kaunjika, kapena salaula monga amanenera ku Zambia, ndiponso zimene ana a abale anasiya, n'zabwino ndithu zikachapidwa ndi sopo, kuyanikidwa padzuwa ndi kusitidwa.

Kwa mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wosakwana makilogalamu 2.5, malo ofunda koposa ndi chifuwa cha mayi ake. Njira yomangirira khanda pachifuwa khungu kwa khungu, yotchedwa kangaru, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978 pamene makina ofunditsira ana anachepa, ndipo ku Malawi inayamba pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Mu 2022 bungwe la WHO linalangiza kuti ana otere aziikidwa pachifuwa akangobadwa. Bambo kapena agogo angathenso kulandira mayi akatopa, motsatira malangizo a anamwino.

Khoma ndi zokongoletsa

Palibe cholakwika kufuna kuti ngodya ya mwana ioneke bwino. Laimu amayeretsa khoma pa mtengo wochepa. Wofuna penti asankhe wosungunula ndi madzi, ndipo apake kudakali milungu ingapo mwana asanabadwe kuti fungo lithe. Penti wina wamafuta, makamaka wachikasu ndi wofiira, amakhala ndi mtovu umene umawononga ubongo wa mwana, ndipo penti wakale wosendeka pa kabedi ndi woopsa mwana akayamba kuluma matabwa. Chitenje chokongola chokhomedwa pakhoma, kutali ndi manja a mwana, chimakwanira. Ndipotu khanda longobadwa kumene limaona bwino zinthu zimene zili pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30 okha, womwe ndi mtunda wochokera pabere kufika pankhope ya mayi ake.

Ndalama zotsala

M'mabanja ambiri mwambo sulola kugula katundu wa mwana asanabadwe, ndipo mwambowu uli ndi zifukwa zake. Komabe suletsa bambo kufolera pamene pakudontha, kukhoma msomali wa neti, kapena kusunga ndalama pang'onopang'ono kubanki mkhonde. Ndalama zimene zikanathera pa makatani ndi zidole zisungidwire ulendo wa kuchipatala, chakudya cha mayi ndi womudikirira, zitenje, beseni, sopo ndi zina zimene azamba amapempha.

Pa nkhani ya katoni ya ku Finland pali mfundo imene ambiri saitchula. Kuti mayi ailandire, ankayenera kukaonana ndi dokotala kapena kupita kusikelo mwezi wachinayi wa mimba usanathe. Imfa za makanda zinatsika m'dzikolo pamene amayi anazolowera kupita kuchipatala, ndipo katoniyo inali nyambo yowakokera kumeneko. M'mera mpoyamba: kukonza malo a khanda kumayambira kusikelo, kumene mayi amayezedwa magazi, amalandira mankhwala oteteza ku malungo, ndipo amabwerako ndi neti imene mwana wake adzagonemo usiku woyamba kunyumba.