Ngwazi ikagwera m'madzi tisathamangire kuinyoza

Amene mumakonda kuonera mpikisano wa American Ninja Warrior pa wailesi ya kanema kapena pa foni mukukumbuka zomwe zinachitika mumzinda wa Las Vegas m'chaka cha 2016. Geoff Britten, munthu yemwe mu 2015 anamaliza magawo onse anayi a mpikisanowu, anaterereka pa chopinga choyambirira penipeni n'kugwera m'madzi, chubwi! Kukonzekera kwake kwa chaka chathunthu kunathera pomwepo m'masekondi owerengeka.

Kwa amene simuudziwa, uwu ndi mpikisano wothamanga, kudumpha, kukwera makoma ndi kulendewera ndi zala zokha pamwamba pa madzi. Lamulo la nthawi imeneyo linali losavuta kumva: ukangogwa kamodzi basi, ukadikire chaka chamawa.

Chotidandaulitsa ife si kugwako ayi, koma pakamwa pa ochemerera. Ngwazi ikangogwa chonchi mumamva ena akuti wakalamba ameneyo, ena akuti kutchuka kwamuzunguza mutu, enanso akuti ngakhale kupambana kwake koyamba kuja unali mwayi chabe. Eti abale, munthu ali khale pampando, botolo lili m'manja, n'kumaweruza mnzake amene zala zake zinachita kutuluka zikang'a ndi chingwe.

Tiyeni tikumbutsane. Britten sanali katswiri wolipidwa, ntchito yake inali yojambula masewera a pa kanema. Mu 2015 anakwera chingwe chotalika mamita pafupifupi 23 m'masekondi 29.65, pomwe malire anali masekondi 30. Atangotsika, Isaac Caldiero anakwera chingwe chomwecho m'masekondi 26.14 n'kutenga mphotho yonse ya madola 1 miliyoni. Britten anabwerera kwawo chimanjamanja ndipo oonera ambiri anadandaula kuti sanamuchitire chilungamo. Kodi munthu wotere asanduke wachabechabe kamba koti phazi lake laterereka kamodzi?

Zoona zake n'zakuti mpikisanowu anaukonza kuti anthu azigwa. Gwero lake ndi ku Japan, kumene kanema wa TBS anauyambitsa mu 1997 ndi dzina loti Sasuke. Nthawi iliyonse amalowa anthu 100. Kuchokera 1997 kufika 2024 kunachitika mipikisano yoposa 40, koma amene anamaliza magawo onse anali anthu anayi okha: Kazuhiko Akiyama mu 1999, Makoto Nagano mu 2006, Yuuji Urushihara mu 2010 ndi 2011, komanso Yusuke Morimoto mu 2015 ndi 2020. Akiyama anali msodzi wa nkhanu, Nagano naye msodzi, Urushihara wogulitsa nsapato. Anthu wamba ngati inu ndi ife.

Ndipo nawonso madziwa anawamwa. Akiyama atapambana anagwa pa gawo loyamba kangapo motsatizana, uku akuvutika ndi nthenda ya maso. Nagano atapambana eni mpikisano anasintha zopinga n'kuika zovuta kuposa kale, monga amachitira wina akangomaliza. Zotsatira zake zinaoneka mu 2007 pa mpikisano wa nambala 19: mwa anthu 100, awiri okha ndiwo anadutsa gawo loyamba, ndipo Nagano yemweyo anali mwa ogwawo. Awiri aja nawo sanapitirire gawo lachiwiri.

Tsono chodabwitsa n'chiti, kugwa kapena kumaliza? Ife tikuti chodabwitsa ndi kumaliza. Kugwa ndiye chizolowezi. Chopinga sichidziwa dzina la munthu, sichiwerenga zikho zomwe ali nazo kunyumba, ndipo sichilandira chiphuphu. Ubwino wa mpikisanowu uli pomwepa. Zikanakhala kuti otchuka amangodutsa chaka ndi chaka, tonse tikanayamba kukayika kuti pali chinyengo, ndipo kupambanako sikukanakhala ndi mtengo.

Sitikunena kuti wochemerera asakhumudwe. Ukamukonda munthu, kugwa kwake kumakupweteka ndithu, ndipo palibe cholakwika kufunsa kuti chavuta n'chiyani. Koma kukhumudwa n'kwina, kunyoza n'kwina. Wokhumudwa amabweranso chaka chamawa kudzaombera m'manja. Wonyoza amangosamukira kwa amene wapambana lero, mawa adzamutayanso ameneyo. Uko si kukonda masewera, n'kukonda kuoneka kuti uli mbali ya opambana.

Pa nkhani iyi anthu a ku Japan ali ndi chotiphunzitsa. Katsumi Yamada sanapambanepo ngakhale kamodzi. Mu 1999 nthawi inamuthera atatsala pang'ono kufika pamwamba pa chingwe chomaliza, ndipo zaka zotsatira anagwa mobwerezabwereza, nthawi zambiri pa gawo loyamba. Komabe dzina loti Mr. Sasuke linapita kwa iyeyu, osati kwa opambana aja. Anthu anaona munthu amene akagwa amadzuka, kupukuta madzi kumaso, n'kukalembetsanso.

Inu amalonda mukudziwa kuti mpamba wa zaka zisanu utha kulowa m'madzi tsiku limodzi katundu akaonongeka panjira. Inu ophunzira mukudziwa kuti mwana wanzeru m'kalasi monse atha kusokonezeka m'maola atatu a mayeso. Tsiku limenelo simufuna munthu wokuuzani kuti ankadziwa kale kuti mulibe nzeru. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Choncho mukadzaonanso ngwazi yanu ikuvuuka m'madzi itanyowa, yang'anani kaye chopinga chomwe chaigwetsacho, muwerenge kuti chagwetsa angati. Mukatero ndiye mulankhule. Ndipo amene akuona kuti n'zophweka, chingwe chilipo, akayese kukwera mamita 23 m'masekondi 30, ife tidzamuombera m'manja.