Mapointi atatu a ku Monza ndi phunziro kwa eni mabizinesi

Ana ambiri m'mabanja athu kuno kunja amatsatira mpikisano wa magalimoto a liwiro wa Formula 1, pamene makolo amangouona ngati phokoso lotha mafuta. Komatu zomwe zidachitika mumpikisanowu m'chaka cha 2025 zikukhudza aliyense amene ali ndi saluni, shopu, lole yotumiza katundu kumudzi kapena kampani yosamalira okalamba.

Lando Norris wa timu ya McLaren adatenga ukatswiri wa dziko lonse ku Abu Dhabi mu Disembala ndi mapointi 423. Max Verstappen wa Red Bull adatsiriza ndi 421. Adasiyana ndi mapointi awiri okha, ndipo kuti timvetse kulemera kwake tiyenera kubwerera ku Monza, m'dziko la Italy, mu Seputembala.

Tsiku limenelo Verstappen anali patsogolo, Norris wachiwiri, Oscar Piastri, yemwenso ndi wa McLaren, wachitatu. Nthawi yosintha matayala itakwana, timu idayamba ndi Piastri pofuna kumuteteza kwa Charles Leclerc wa Ferrari amene ankabwera m'mbuyo, ndipo idatsimikizira Norris kuti sataya malo ake. Koma Norris atalowa, tayala lina lakutsogolo lidachedwa kumangika. Ntchito ya masekondi awiri idatenga pafupifupi 6, Piastri n'kudutsa. Akuluakulu a timu adapempha Piastri kuti abweze malowo. Iye adadandaula pa wailesi, koma adamvera. Wachiwiri amalandira mapointi 18, wachitatu 15. Zina zonse zikadakhala chimodzimodzi, popanda mapointi atatuwo Norris sakadakhala katswiri.

Posintha matayala pamakhala anthu pafupifupi 20. Tayala lililonse lili ndi anthu atatu: wina amamasula ndi kumanga nati, wina amachotsa tayala lakale, wina amaika latsopano. Ena amanyamula galimoto ndi jeke kutsogolo ndi kumbuyo. Palibe amene amafunsa pomwepo kuti agwire pati, chifukwa aliyense adauzidwa kale ntchito yake ndipo adaiyeserera kambirimbiri. McLaren yomweyi ndiyo idasintha matayala m'masekondi 1.80 ku Qatar mu 2023, liwiro lomwe lidaposa onse. Ngati akatswiri otere amaphonya, wantchito wanu naye adzaphonya. Nkhani yagona pa zomwe mtsogoleri amachita zikatero.

Ku Monza, timu yotsogozedwa ndi Andrea Stella idasenza yokha cholakwacho. Idaona kuti Norris adataya malo chifukwa cha dongosolo la timu, choncho idasunga lonjezo lake. Komabe ambiri okonda masewerawa adatsutsa, ndipo anali ndi mfundo. Piastri ndiye ankatsogola pa mapointi nthawi imeneyo, ndipo pa wailesi adakumbutsa timu kuti iye ankadziwa kuti kuchedwa kusintha matayala ndi tsoka chabe la mumpikisano. Apa zikuoneka kuti ngakhale pangano la McLaren linali ndi mpata woti awiri alimve mosiyana. Chidawapulumutsa ndi chakuti nkhani zoterezi ankazikambirana kale, ndipo dalaivala ankakhulupirira kuti akuluakulu ake sakumudyera masuku pamutu.

Mabizinesi athu ambiri kunja kuno amayendetsedwa ndi abale: mlamu ali pa kauntala, mphwathu amayendetsa galimoto, mwana amathandiza Loweruka. Chifukwa cha ubale, timachita manyazi kukambirana za ndalama ndi za udindo. Katundu wa kasitomala akasowa pa ulendo wa ku Lilongwe, ndipamene timayamba kufunsana kuti alipire ndani. Wosamalira nkhalamba akachedwa chifukwa bwana adalemba molakwika ndandanda ya ntchito, wodulidwa malipiro amakhala wantchito yemweyo. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo mabizinesi ena amagwa chonchi pamodzi ndi ubale womwe.

Khalani pansi zinthu zili bwino. Lembani amene amasunga ndalama, amene amatseka shopu, amene amayankha makasitomala akakwiya. Gwirizanani kuti cholakwa chikachokera ku dongosolo la bwana, bizinesi ndiyo ilipire, ndipo chikachokera ku kusasamala kwa munthu, chilango chake chidziwike kale. Mwana akamathandiza, adziwe ngati akulipidwa kapena ayi, komanso kuti nthawi ya homuweki siilowetsedwa m'malo ndi ntchito ya pa shopu. Vuto likachitika, unikani limodzi pomwe padaduka chingwe, kenako konzani panganolo.

Makolo, mpikisano wotsatira ukamaonetsedwa, khalani pafupi ndi ana anu. Galimoto ikaima kuti isinthe matayala, apempheni akuwerengereni anthu omwe aizungulira ndi kukufotokozerani ntchito ya aliyense. Mukatero, tengani pepala muchite chimodzimodzi ndi bizinesi yanu.